Chifukwa chake wobwera pambuyo amalowa poyamba

Pa madandaulo onse amene timalandira ife ogwira ntchito kuchipinda cha odwala mwadzidzidzi, pali limodzi losatha: "Ine ndafika dzuwa lisanatuluke, uyu wangobwera kumene, mwamulowetsa bwanji?" Ena amaganiza kuti pali chibale, ena amati pasinthana kangachepe. Mkwiyo wa mayi amene wakhala pa benchi maola atatu mwana ali kumsana ndimaumvetsa, ndipo sindiupeputsa. Koma zimene waonazo ndi ndondomeko yophunzitsidwa, imene mbali yake yaikulu inakulira ku Malawi konkuno.

Namwino amene amayenda m'mbali mwa mzere, kusuzumira m'zitenje ndi kugwira timanja ta ana, sakungodutsa ayi. Mwana aliyense amamutengera masekondi osapitirira 20. Choyamba amaona ngati njira ya mpweya ili yotseguka ndiponso mmene mwanayo akupumira: kodi nthiti zikulowa mkati, kodi milomo ndi lilime zayamba kuda? Kenako amagwira dzanja. Likakhala lozizira, amafinya chikhadabo mpaka chiyere, nkuchisiya. Magazi amayenera kubwerera msanga, ndipo akachedwa kupitirira masekondi atatu, mtima nkumagunda mothamanga koma mofooka, ndiye kuti sakuyenda mokwanira m'thupi. Amaonanso ngati mwana ali maso, ngati akutembenuka akaitanidwa, ngati akumva kutsinidwa, kapena ali zii. Wotsegula m'mimba amamukoka khungu la pamimba kuti aone ngati likubwerera.

Zikatero ana amagawidwa patatu. Wopezeka ndi chizindikiro choopsa, monga kubanika, kukomoka, linjirinjiri kapena kutha madzi kwambiri, amalowa nthawi yomweyo, za buku la kuchipatala zimaoneka pambuyo. Gulu lachiwiri ndi la ofunika kuonedwa msanga: khanda losakwana miyezi iwiri, wotentha thupi kwambiri, woyera m'manja chifukwa chochepa magazi, wotupa mapazi onse awiri, wopsa ndi moto, womwa poizoni. Otsalawo amadikira, ndipo kudikira kwawo kukutanthauza kuti namwino waona kuti moyo wawo suli pachiswe. M'zipatala zina maguluwa amawaika mitundu: wofiira, wachikasu ndi wobiriwira.

Chovuta kufotokozera makolo nchakuti mwana amene akulira mokuwa kawirikawiri ali bwinoko kusiyana ndi amene wangoti phee. Kulira kumafuna mpweya ndi mphamvu. Amene amatidetsa nkhawa ndi uja wafundidwa bwinobwino kumapeto kwa mzere, amayi ake nkumati wagona.

Ndondomekoyi imatchedwa ETAT. Kale pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chomwe ambiri timachitcha Gulupu, ana ankaonedwa motsata mzere monga zinalili kwina konse, ndipo ambiri mwa omwalira ankamwalira tsiku loyamba lomwelo. Mu 2001 chipatalachi chinatsegula chipinda cha ana odwala mwadzidzidzi, Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake nkuphunzitsa ogwira ntchito kusankha odwalitsa ndi kuwathandiza pomwepo. Imfa za ana ogonekedwa, zomwe zinali pakati pa 10 ndi 18 mwa 100 alionse, zinatsika kufika pakati pa 6 ndi 8. Sipanabwere mankhwala achilendo. Chinasintha ndi malo olandirira ana, maphunziro, ndi yemwe amalowa poyamba. Mu 2005 bungwe la WHO linatulutsa mabuku a maphunzirowa, ndipo lero akugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri a mu Africa.

Maphunziro ake ndi a masiku atatu ndi theka okha, ndipo nthawi yambiri imathera pa zidole: kupendeketsa mutu kuti mpweya udutse, kupopa mpweya ndi ambubagi, kuika diripi, kubwereza mpaka manja azolowere. Chimene ndimachikonda kwambiri nchakuti gawo la kuzindikira zizindikiro silisankha madokotala okha. Mlonda wa pachipata, kalaliki wolemba mayina, ngakhale wokolopa, atha kuphunzira, chifukwa ndi amene amayamba kumuona mwana. Chipatala chimene mlonda wake amadziwa kuti mwana wokomoka salembetsa kaye dzina chili patsogolo kuposa chimene chili ndi makina okwera mtengo otsekeredwa m'sitolo.

Zipangizo zenizeni za m'chipindamo nzazing'ono kuposa mmene anthu amaganizira. Pali kachipangizo kopana pachala, komwe kamawerenga okosijeni wa m'magazi. Nambala ikatsika pansi pa 90, wodwala amaikidwa pa mpweya. Pali kamakina koyeza shuga ndi kadontho kamodzi ka magazi, chifukwa mwana wa malungo aakulu amene wakomoka mwina shuga wamuthera, ndipo akamulowetsa madzi a shuga mumtsempha amatha kutsitsimuka m'mphindi zochepa. Pali konsentireta, makina okoka mpweya wamba, womwe okosijeni wake ndi magawo 21 pa 100, nkuusefa kuti utuluke okosijeni wochuluka. Vuto lake ndi magetsi: akazima nayonso imazima, nchifukwa chake silinda yodzadza ndi okosijeni siyenera kusowa pakona.

Apa ndinenepo za mantha omwe ndimakumana nawo kawirikawiri. Alipo makolo amene amakana kuti mwana aikidwe timachubu ta m'mphuno, ati okosijeni amapha. Anaona wina ataikidwa nkumwalira. Koma amene amaikidwa pa mpweya ndi odwalitsa kale, ndipo ena amafika mochedwa. Mwana wa chibayo amene akubanika, kumuchotsa pa okosijeni ndiko kumuika pangozi.

Pa ngozi za pamsewu mfundo ndi yomwe ija: amene ali zii ndiye woyamba kuthandizidwa. Boma, mothandizidwa ndi World Bank, linayambitsa ntchito ya ambulansi za ngozi pa msewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, ndi nambala yaulere ya 118. Komabe minibasi ikagubuduka, oyamba kufika ndi anthu a m'mudzi, a kabaza ndi madalaivala anzawo. Ambiri amathamangira amene akukuwa ndi mwendo wothyoka, kusiya amene wagona chagada osayankhula, lilime litamutseka kukhosi. Ubongo ukasowa mpweya mphindi zinayi mpaka zisanu ndi chimodzi umayamba kuonongeka. Wokomoka koma akupuma amagonekedwa chammbali, mutu, khosi ndi msana zikutembenuzidwira pamodzi. Pamene pakutuluka magazi ambiri amapsinja mwamphamvu ndi nsalu yoyera, osasiyasiya kuti aone ngati aleka. Wovulala kwambiri sapatsidwa madzi akumwa, ngakhale apemphe motani, chifukwa atha kutsamwa komanso mwina akufunika opaleshoni.

Tsono inu amayi ndi abambo, mukafika pachipatala mwana akubanika, wakomoka, akulephera kuyamwa kapena sakudzuka, musakhale pa benchi chifukwa cha ulemu. Pitani kutsogolo, muuzeni wogwira ntchito woyamba amene mwakumana naye zimene mukuona. Ngati munauzidwa kudikira koma mwana wasintha muli pamzere, nenaninso, chifukwa kusankha sikuchitika kamodzi kokha. Ndipo namwino akamakudutsani atanyamula mwana wa mnzanu, mpatseni njira.