Tisamale Moto wa M'nyumba

Ku Zóbuè, kumapiri a m'malire a Malawi, kumazizira kuposa ku Moatize. Mu Juni ndi Julayi tonse timafuna kuotha moto.

Anzathu, tisonkhe moto ndi nkhuni zouma. Zaziwisi zimafuka utsi wambiri, ndipo utsi umadwalitsa chifuwa ndi maso. Mwaye ukachuluka kudenga la udzu, tiusese, chifukwa umagwira moto msanga.

Makala a pambaula amatulutsa mpweya wakupha, wosaoneka ndi wopanda fungo. Tikatseka chitseko n'kugona, banja lonse likhoza kufera m'tulo. Tisanagone, tizime makala kapena titulutse mbaula panja.

Mwana wokwawa asatsale yekha pafupi ndi mafuwa.

Phulusa likazizira tisataye. Tikamwaze pang'ono kudimba, limathandiza nthaka.