Kanema akamaduladula, yambani ndi chingwe musanakwere padenga

Nthawi ya nkhani yakwana ndipo banja lonse lili pabalaza. Wowerenga nkhani wangoyamba kumene kuchenjeza za mvula yamphamvu, mwadzidzidzi nkhope yake yasweka n'kukhala timabokosi, mawu ayamba kudukaduka, kenako pagalasi patsala mawu awiri okha akuti "No Signal". Ana akuyang'ana bambo awo. Bambo nawo ayamba kufunsa komwe kuli makwerero, pomwe panja kukuwaza ndipo kukumveka mabingu.

Apa ndi pomwe vuto laling'ono limabala lalikulu. Ena amagwa padenga, ena amagunditsa mlongoti wa eriyo ku mawaya a magetsi, ndipo ena amataya ndalama kugula dikoda yatsopano pomwe yakaleyo inalibe vuto. Chikhalirecho mavuto ambiri a kanema wa dijito amachokera pa eriyo, chingwe ndi malo olumikizira, ndipo ambiri mwa iwo munthu atha kuwazindikira ali pansi.

Nkhaniyi si ya mpira ndi mafilimu okha. Pa kanema ndi pomwe mabanja ambiri amamvera uthenga wa katemera, machenjezo a kolera komanso zanyengo, monga zinalili pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023.

Chifukwa chake chithunzi chimasweka

Mayiko a mu Africa, ku Ulaya ndi madera ena adagwirizana ku Geneva mu 2006, pansi pa bungwe la ITU, kuti asiye kuulutsa kanema mwa njira yakale ya analogi, ndipo tsiku lomwe adaika linali 17 Juni 2015. Malawi idasankha njira yotchedwa DVB-T2. Kampani ya boma ya MDBNL ndiyo imanyamula matchanelo a m'dziko muno kudzera mu dikoda ya Kiliye Kiliye, ndipo GOtv nayo imadzera pa eriyo. DStv ndi ena otere amadzera pa dishi.

Kale mafunde akafooka chithunzi chinkachita timadontho ngati mchenga, komabe munthu ankatha kuonera. Pa dijito zithunzi ndi mawu zimabwera ngati manambala, ndipo dikoda imatha kukonza yokha manambala ochepa omwe asokonekera m'njira. Olakwikawo akachuluka, dikoda imalephera kotheratu. N'chifukwa chake kanema amatha kuoneka bwino kwambiri masana koma n'kuthimiratu madzulo kukangogwa mvula pang'ono. Nyumba yotero imakhala kuti mafunde ake anali ofooka kuyambira kale, mvulayo yangomaliza ntchito.

China chofunika kudziwa n'chakuti matchanelo angapo amayenda pamodzi ngati mtolo umodzi pa frikwensi imodzi. Choncho matchanelo asanu kapena khumi akasowa nthawi imodzi ena akuoneka, dziwani kuti ndi mtolo umodzi womwe sukufika bwino. Dikoda sinawonongeke ayi.

Yambani ndi zosalira ndalama

Choyamba funsani a nyumba yoyandikana nayo omwe ali ndi dikoda yofanana ndi yanu. Ngati nawonso kwawo kwathima, vuto lili ku nsanja youlutsira, mwina magetsi azima kumeneko kapena akukonza. Musakhudze chilichonse, ingodikirani.

Ngati kwa anzanu kukuoneka, dinani batani la "Menu" pa rimoti ya dikoda. Menyu ikapanda kutuluka, ndiye kuti kanema ndi dikoda sizikulumikizana. Onani ngati chingwe cha HDMI kapena cha mitu itatu ija, wachikasu, woyera ndi wofiira, chalowa bwino, ndipo dinani "Source" kapena "AV" pa rimoti ya kanema kuti musankhe khomo loyenera. Nthawi zambiri amakhala ana omwe adina batani limeneli posewera.

Menyu ikatuluka, werengani bwino uthenga womwe uli pagalasi. Mawu oti "Scrambled", kapena E16 pa GOtv ndi DStv, amanena za malipiro kapena tchanelo chomwe sichili pa phukusi lanu, ndipo kutembenuza eriyo sikungathandize. Mawu oti "No Signal" kapena E48-32 ndiwo amanena kuti mafunde sakufika.

Kenako zimitsani dikoda pa soketi, dikirani mphindi imodzi, muyatsenso. Magetsi akazima ndi kuyaka mwadzidzidzi dikoda imatha kusokonezeka, ndipo kuiyatsanso kumaibwezera m'malo.

Mizere iwiri yomwe imaulula vuto

Mu menyu ya dikoda iliyonse muli malo oonetsa mizere iwiri. "Signal Strength" imaonetsa mphamvu ya mafunde omwe akufika, pomwe "Signal Quality" imaonetsa ngati mafundewo ali oyera moti dikoda itha kuwawerenga. Wofunika kwambiri ndi wachiwiriwu.

Mizere yonse ikakhala pa 0, kawirikawiri chingwe chaduka kapena chazuka. Yonse ikakhala yotsika, eriyo yatembenuka, yafupika kapena yatchingidwa. Mphamvu ikakhala yokwera koma mzere wachiwiri uli pansi kapena ukudumphadumpha, pali chomwe chikusokoneza mafundewo, monga madzi m'chingwe kapena chipangizo china cha magetsi.

Tsatirani chingwe kuchokera kumbuyo kwa dikoda mpaka pomwe maso anu angafike. Mkati mwa chingwechi muli waya mmodzi wa kopa pakati, ndipo wazunguliridwa ndi timawaya tating'ono ngati ukonde. Kawaya kamodzi ka ukondewo kakangokhudza wa pakati, mafunde amathera pomwepo. Onaninso ngati makoswe sanatafune chingwe, ngati sichinapanikizike pa zenera, komanso ngati palibe polumikiza pomwe adangopota mawaya n'kukulunga ndi pepala la pulasitiki. Mutu wa chingwe ukachita dzimbiri kapena kubiriwira, ndiye kuti madzi alowa kuchokera kumtunda. Chingwe chotero n'chofunika kusintha chonse, ndipo pogula funsani cha mtundu wa RG6. Pochilowetsa m'nyumba, chisiyeni chilende pang'ono pansi pa bowo kuti madzi azidontha panja m'malo motsetserekera ku dikoda.

Kachipangizo kogawira mafunde ku makanema awiri kamachepetsa mphamvu yopita ku kanema aliyense ndi theka kapena kuposerapo. Kachotseni kaye muone ngati zisinthe. Ngati eriyo yanu ili ndi busita yodalira magetsi ochokera mu dikoda, onani kuti "Antenna Power" yayatsidwa mu menyu. Koma busita siyeretsa mafunde oipa, imangokulitsa zonse pamodzi ndi zosokonezazo, ndipo kwa amene ali pafupi ndi nsanja imatha kuwononga chithunzi chomwe chinali bwino.

Ngati kanema amaduka nthawi yofanana tsiku lililonse, ganizirani chomwe mumayatsa nthawi imeneyo. Mababu ena a LED otchipa, matchaja a foni ndi ma inveta a sola amatha kusokoneza mafunde. Zimitsani chimodzichimodzi uku mukuyang'ana mzere wachiwiri uja.

Eriyo ndi zomwe zimaitchinga

Mafunde a kanema amayenda molunjika ndipo savutika kutchingidwa. Mapiri monga Ndirande, Soche ndi Michiru mu mzinda wa Blantyre amachititsa kuti nyumba ziwiri za m'dera limodzi zilandire mosiyana. Malata amatchinga eriyo ya m'nyumba, ndipo mtengo wa mango womwe unali waufupi pomwe munkaika eriyo utha kukhala kuti wakula. Masamba onyowa amafooketsa mafunde kuposa ouma, n'chifukwa chake madandaulo amachuluka dzinja.

Yang'anani komwe ma eriyo a anzanu omwe akuonera bwino aloza, ndi momwe tizitsulo take tagonera. Potembenuza mlongoti khalani awiri, wina panja wina akuwerenga mizere ija, ndipo tembenuzani pang'onopang'ono n'kumaima masekondi angapo chifukwa dikoda imachedwa kuonetsa kusintha.

A dishi nkhani yawo ndi yosiyana. Setilaiti ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, ndipo mvula yamphamvu imameza mafunde ake m'njira. Mvula ikatha chithunzi chimabwerera chokha. Kugwedeza dishi pa nthawi yotero kumangoisokoneza pomwe inali bwinobwino.

Musathamangire kusaka matchanelo

Ambiri kanema akangoduka amadina "Auto Search". Madikoda ambiri amayamba afufuta mndandanda wakale asanasake watsopano, ndiye mukasaka pomwe mafunde ali ofooka kapena nsanja yathima, mumataya ngakhale matchanelo omwe ankaoneka.

Sakani matchanelo ngati oulutsa alengeza kuti asintha, ngati mwasamuka, kapena mutakonza eriyo ndi chingwe. Chitani izi kunja kuli bwino. Lowani mu menyu, pitani pa "Installation" kapena "Channel Search", sankhani "Auto Search", ndipo musazimitse mpaka ithe. Ikafunsa zosunga, vomerani. Ngati mtolo umodzi ukusowabe, koperani nambala ya frikwensi pa dikoda yofanana ya mnzanu wapafupi n'kuilemba pa "Manual Search". "Factory Reset" ikhale njira yomaliza chifukwa imafufuta zonse.

Ogula kanema wa kaunjika kapena wotumizidwa ndi achibale kunja aonetsetse kuti palembedwa DVB-T2. Wolembedwa DVB-T yokha, kapena wochokera ku Japan ndi America komwe amaulutsa mwa njira zina, sangapeze matchanelo a kuno payekha ngakhale mutasaka kangati. Amafunika dikoda.

Moyo ndi wofunika kuposa chithunzi

Eriyo ndi chitsulo chomwe chili pamwamba pa nyumba, ndipo mphenzi imakonda kugwera zinthu zazitali. Mitambo ikayamba kuda, zulani chingwe cha eriyo ndi pulagi ya magetsi mabingu asanafike pafupi. Akayamba, musagwirenso zingwezo. Ngati mukumva bingu ndiye kuti mphenzi itha kukufikani, choncho dikirani mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza musanatuluke kukagwira mlongoti.

Musakwere pa malata onyowa kapena usiku, ndipo musatume mwana padenga. Mlongoti uime patali ndi mawaya a magetsi, poti ngakhale utagwa usawafike. Mawaya a ESCOM a mphamvu ya 11,000 kapena 33,000 volts amatha kulumphitsa moto ku chitsulo chisanawakhudze n'komwe. Musatsekulenso kumbuyo kwa kanema wakale wa chimimba uja, chifukwa amasunga magetsi oopsa ngakhale atazulidwa pa soketi.

Alangizi a zaumoyo ndi onse odzipereka m'midzi akumbutse anthu kusiyana kwa ngozi ziwirizi. Munthu woombedwa ndi mphenzi sasunga magetsi m'thupi, choncho mugwireni msanga. Ngati sakupuma, yambani kupsinja pachifuwa mwamphamvu ndi mofulumira uku ena akufuna galimoto. Koma amene wagwidwa ndi magetsi ndipo akadali pa waya musamukhudze. Zimitsani kaye pa switchi yaikulu ya nyumba, ndipo ngati ndi mawaya a pa mapolo, imani patali, letsani ena kuyandikira ndi kuitana a ESCOM. Onse awiri apite kuchipatala ngakhale akuoneka kuti ali bwino, chifukwa mtima umatha kusokonezeka pambuyo pake.

Mukayesa zonse za pansi koma osatheka, tengani dikoda yanu mukailumikize pa eriyo ya mnzanu. Ikagwira, vuto lili pa eriyo kapena chingwe chanu, ndipo muitane mmisiri wodziwa ntchitoyo kukacha. Pakadali pano yatsani wailesi, uthenga wa zanyengo ndi zaumoyo umafikanso kumeneko.