Kuona maso a nkhono n'kudekha

Alimi ambiri amene ali ndi foni yojambula amakonda kujambula munda wonse: mizere ya chimanga chobiriwira, ng'ombe zili pagoli, nkhokwe itadzaza. Zithunzi zotere zimakondweretsa, koma zimangosonyeza zimene aliyense wodutsa m'njira waona kale. Pali kajambulidwe kena, kamene akatswiri a zithunzi amakatcha macro, kofikitsa kamera pafupi kwambiri ndi kanthu kakang'ono mpaka kadzaze chithunzi chonse. Okonda luso limeneli m'mizinda amayenda mitunda italiitali kufunafuna choti ajambule, pamene mlimi ali nazo zonse pamzere umodzi wa munda wake. Chimene chimasowa ndi diso lozolowera kuyang'ana pamene ena sayang'ana, ndipo diso lotere ndi lomwe limaona mdani wa mbewu asanakule.

Poyambira pabwino ndi chimanga chaching'ono. Mbozi ya fall armyworm, imene ambiri amaitchula pamodzi ndi ntchemberezandonda, inachokera ku America, inaoneka koyamba mu Africa m'chaka cha 2016, ndipo chisanathe chaka chomwecho inali itafika kale m'minda ya Zambia. Gulugufe wake amayenda usiku, ndipo amaikira mazira pamasamba, nthawi zambiri kunsi kwa tsamba, mulu umodzi wokhala ndi mazira 100 kapena 200. Dzira limodzi silifika theka la milimita, ndipo mulu wonsewo umakutidwa ndi ubweya wotuwa. Kwa munthu woimirira umaoneka ngati kachidutswa ka nkhungu. Pachithunzi chapafupi mazirawo amaoneka atandandalikana ngati mikanda. Kukatentha amaswa pa masiku awiri kapena atatu okha. Timbozi tatsopano timapala tsamba osaliboola, n'kusiya timawanga toonekera ngati pepala lonyowa mafuta. Nthawi imeneyi ndiyo yosavuta kuzigonjetsa, chifukwa zikakula zimalowa mu mtima wa chimanga, m'mene mankhwala safika bwino, ndipo mumangoona ndowe zake zonga utuchi.

Mukaipeza mbozi yaikulu, jambulani malo awiri. Pamutu pake pali chizindikiro chonga chilembo cha Y chozondoka, ndipo chakumchira kuli madontho anayi akuda okhala ngati ngodya zinayi za bokosi. Zizindikiro ziwirizi ndizo zimaisiyanitsa ndi kapuchi amene tinamuzolowera kale. Mlangizi wa zaulimi akalandira chithunzi choonetsa bwino mutu ndi mchira, angathe kukuuzani chimene chili m'munda mwanu asanapalase njinga kubwera.

M'munda wa mtedza, wa nyemba kapena wa khobwe, tsatirani nyerere. Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika pa phesi limodzi, pindani nsonga yanthete ya mbewuyo, ndipo kawirikawiri mudzapeza nsabwe za zomera zitaunjikana. Nyererezo zimatsata timadzi totsekemera timene nsabwezo zimatulutsa. Nsabwe zimayamwa madzi a mbewu, ndipo pa mtedza ndizo zimafalitsa matenda a kadukutu, amene amapinimbiritsa mbewu mpaka osabereka. Kwa wojambula, nsabwe ndi zofatsa: sizithawa, choncho ndi zabwino pophunzirira.

Pamene pali nsabwe pamabweranso ozidya. Kachikumbu kofiira kapena kachikasu ka madontho akuda, kamene pa Chingerezi amati ladybird, ambiri amakadziwa. Koma mwana wake ndi ochepa amene amamuzindikira. Ndi wamtali, wakuda, wa timawanga tachikasu, ndipo pachithunzi amaoneka ngati kang'ona kakang'ono. Chifukwa cha maonekedwe amenewa alimi ena amamupha pomuyesa mdani, chonsecho tsiku lililonse amadya nsabwe zambiri. Pakati pa nsabwezo mungapezenso zina zotupa, zouma, zofiirira, zina zili ndi kabowo kumsana. Zimenezo zinaikiridwa dzira ndi timavu tating'ono kwambiri, ndipo mwana wa kamavuko anazidya kuchokera m'kati. Munthu amene wajambulapo zinthu zimenezi sathamangiranso kupopera mankhwala asanayang'ane amene ali kale pantchito m'munda mwake.

Zojambula zina zili pansi pa nthaka. Zulani mosamala phesi limodzi la soya kapena la mtedza pamene wayamba maluwa, musasule dothi ndi madzi, ndipo mudzaona timphundu tobulungira pamizu. M'menemo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene timatenga nayitirojeni mu mpweya n'kupatsa mbewu. Dulani kamodzi pakati ndi lumo. M'kati mukakhala mofiira, ntchito ikuyenda. Mukakhala moyera kapena mobiriwira, palibe chimene kakupereka. Timphundu tabwinoti timathothoka mosavuta ndi chikhadabo. Ngati muzu weniweniwo ndiwo watupa, ndipo chotupacho sichithothoka, monga zimachitikira pa tomato ndi fodya, pamenepo pali tinyongolotsi towononga mizu, ndipo ndi chizindikiro choti mundawo ukufuna kasinthasintha wa mbewu. Zithunzi ziwiri zoikidwa pamodzi zimaphunzitsa kusiyana kumeneku kuposa mawu ambiri.

Si zonse zoyenera kujambula zimene ndi matenda. Duwa la dzungu limatseguka m'mamawa, ndipo njuchi yotuluka m'menemo imakhala itabulika mungu wachikasu thupi lonse. Yang'anani kunsi kwa duwa: lalikazi lili ndi kadzungu kakang'ono, lalimuna lilibe, ndipo popanda wonyamula mungu kuchoka ku lina kupita ku linzake kadzungu kaja kamafota n'kugwa. Pa chimanga, mungu wochokera ku ngayaye umamatirira pa ndevu, ndipo ndevu iliyonse imapita ku njere imodzi. Chisononkho cha mipata chimasimba za ndevu zimene sizinalandire mungu. Ngakhale m'nkhokwe muli zojambula: njere imodzi yobooledwa, nankafumbwe ali pambali pake ndi mlomo wake wautali, imakuchenjezani matumba asanasanduke ufa.

Nthawi yabwino ndi m'mawa, mame asanaume. Tizilombo timakhala tisanafunde ndipo sitiyendayenda, mphepo imakhala isanayambe kugwedeza masamba, ndiponso kuwala kumakhala kofewa. Dzuwa la masana limayeretsa malo ena pachithunzi n'kudetsa ena. Ngati mulibe nthawi ina, phimbani tsambalo ndi mthunzi wa chipewa kapena wa thupi lanu.

Kamera ikayandikira kwambiri, mbali yaing'ono yokha ya chinthu ndiyo imaoneka bwino, pamene zakutsogolo ndi zakumbuyo zimachita chimbuuzi. Choncho sankhani chimene mukufuna kuonetsa, kaya ndi mutu wa mbozi kapena m'kati mwa kamphundu, ndipo mukhudze pamenepo pagalasi la foni musanajambule. Foni iliyonse ili ndi malire a kuyandikira kwake. Chithunzi chikakana kuyera, bwererani m'mbuyo pang'ono, ndipo mudzachidule pambuyo pake. Pukutani diso la kamera ndi nsalu yofewa, tsamiritsani chigongono pa bondo, gwirani tsamba ndi dzanja linalo, ndipo mujambule kangapo. Galasi lokulitsira zinthu, mukaliika patsogolo pa kamera, limathandizanso. Pambali pa chinthucho ikani kamtengo ka machesi kapena ndalama yachitsulo, kuti woona adziwe kukula kwake. Ngati chithunzicho n'chopita kwa mlangizi, onjezani china choonetsa mbewu yonse, ndipo munene mtundu wa mbewu, tsiku limene munabzala, ndi kuchuluka kwa mapesi amene agwidwa.

Amene alibe foni yojambula asadziyese otsalira. Mbali yaikulu ya luso limeneli ndi kupeza chinthucho, ndipo kupeza sikufuna batire. Foni imodzi pagulu kapena pa kalabu ya alimi ndi yokwanira, ena akufufuza, mmodzi akujambula. Yendani m'munda mokhotakhota monga chilembo cha W, muime malo asanu, ndipo pamalo aliwonse mutembenuze masamba a mapesi khumi. Mukamachita zimenezi kamodzi kapena kawiri pa mlungu kuyambira pamene mbewu zamera, pofika nthawi yokolola mudzakhala ndi zithunzi zosimba mbiri ya munda wanu: tsiku limene mazira oyamba anaoneka, mlungu umene nsabwe zinachuluka, ndi nthawi imene ozidya anafika. Chaka chamawa mudzadziwa mlungu woyambira kugwada pamzere.