Posankha choyezera mchere m'thanki ya nsomba za m'nyanja yamchere

Mutatunga madzi olemera kilogalamu imodzi pakati pa nyanja yamchere, kutali ndi pamene mitsinje imathira, n'kuwawiritsa mpaka ataphwa, pansi pa mphika pangatsale mchere wa magalamu pafupifupi 35. Nyanja zina zimapitirira pamenepa. Red Sea imafika cha m'ma 40 chifukwa dzuwa limaomba kwambiri ndipo kulibe mitsinje ikuluikulu yothiramo. Zina, monga Baltic ya ku Ulaya, mchere wake ndi wochepa zedi. Koma kumene kumachokera nsomba zambiri zokongola zimene anthu amaweta m'mathanki agalasi, nambala yake imazungulira pa 35 pomwepo, ndipo wosunga thanki yotere amagona nayo, kudzuka nayo.

Ntchito yanga kuno ku Johannesburg ndi yosamalira mathanki amenewa m'nyumba za anthu ndi m'maofesi. Nyanja ili kutali, makilomita oposa 500, choncho madzi timachita kupanga tokha. Timatenga madzi osefedwa ndi makina a RO, kuthiramo mchere wapadera wogula m'zidebe, n'kusiya pampu itakase usiku wonse. Kukacha funso limakhala limodzi: kodi mchere wakwana? Kulawa sikuthandiza. Lilime la munthu silingasiyanitse 33 ndi 36, koma zamoyo za m'thankimo zimasiyanitsa.

Magazi a nsomba ya m'nyanja yamchere ali ndi mchere wochepa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mchere wa m'madzi oizungulira. Pachifukwa ichi madzi amatuluka m'thupi mwake mosalekeza, ndipo kuti isaume imamwa madzi amcherewo n'kumataya mchere wotsalawo kudzera m'ziwalo zake zopumira. Chambo ndi mbuna za kwathu zimachita zosiyana: madzi amalowa okha m'thupi, ndiye sizimwa kwenikweni koma zimakodza kwambiri. Nsomba tsono ili ndi podzitetezera mchere ukasintha pang'ono. Makorali, nkhanu ndi nkhono za m'nyanja zilibe luso limeneli. Madzi a m'matupi mwawo amangotsatira madzi akunja, moti mchere ukakwera kapena kutsika mwadzidzidzi zimavutika nthawi yomweyo.

Ndipo mchere m'thanki sukhazikika wokha. Madzi amauluka ngati nthunzi, mchere umatsala. Thanki ya malita 100 imene ili pa 35 ikataya malita 3 okha, mchere umakwera kupitirira 36. M'nyengo yozizira ya kuno, pamene mpweya umauma mpaka milomo kung'ambika, zimenezi sizichedwa kuchitika. N'chifukwa chake madzi otayika motere timawabwezera ndi madzi opanda mchere, ndipo timayeza kawirikawiri.

Ambiri amayamba ndi kabokosi kapulasitiki kotchedwa hydrometer, kamene kali ndi muvi woyandama. N'kotsika mtengo, koma kathovu kamodzi kakamatirira pamuvi, muviwo umakwera n'kunama. Mchere ukaumira polumikizira pake, umanamanso. Palibenso pokakonzera kakasokonekera. Munthu akatopa nako m'pamene amayamba kufunsa za refractometer.

Mmene imagwirira ntchito

Amene anakwerapo bwato panyanja anaonapo nkhafi ikuoneka ngati yathyoka pamene yalowa m'madzi. Kuwala kumakhota kukamachoka mumpweya kulowa m'madzi, ndipo madzi akakhala ndi zinthu zambiri zosungunukamo, kumakhota kwambiri. Refractometer imayeza kukhota kumeneku. Katswiri wa ku Germany Ernst Abbe, amene ankagwira ntchito ndi Carl Zeiss mumzinda wa Jena, ndiye anafalitsa kapangidwe ka chipangizo chotere mu 1874. Cha m'manja chimene timagwiritsa ntchito lero chimaoneka ngati katochi. Kutsogolo kuli galasi lopendekeka ndi kachivundikiro kake, kumbuyo kuli posuzumira. Mukadonthezera madzi pagalasi n'kuloza kowala, mumaona mbali yabuluu pamwamba, yoyera pansi, ndipo mzere wogawa ziwirizi umadutsa pa nambala.

Chofunika kuchigwiritsa apa n'chakuti chipangizochi sichiona mchere. Chimaona kukhota kwa kuwala basi. Pa muyeso wa akatswiri, madzi oyera ali pa 1.3330 ndipo madzi a m'nyanja a 35 ali pa 1.3394. Kusiyana kwake n'kochepetsetsa. Nambala zimene mumawerenga m'kati anachita kuzilemba wopanga, poganizira mtundu wa madzi amene mudzayeze. Ndiye ngati iye ankaganiza za madzi ena, inu n'kuyeza ena, nambala idzaoneka bwinobwino koma idzakhala yabodza.

Funso loyamba: anaipangira chiyani?

Kunja kwake ma refractometer onse amafanana, ndipo pa intaneti zithunzi zake sizisiyana. Pali ya shuga, ya muyeso wa Brix, imene amayezera kukhwima kwa nzimbe m'minda ngati ya ku Nchalo ndi ku Dwangwa, komanso zipatso ndi mphesa zopangira vinyo. Mukadonthezerapo madzi a m'nyanja imaloza pakati pa 4 ndi 5, nambala yopanda ntchito kwa inu. Pali ya uchi, yoyezera madzi otsala mu uchi, imene muyeso wake umayambira kutali kwambiri moti madzi a m'thanki saonekamo n'komwe. Palinso ya amakaniko yoyezera madzi a batire ndi a mu rediyeta, ndi ya kuchipatala yoyezera mkodzo. Zonsezi zisiyeni.

Msampha weniweni uli pa ziwiri zimene zonse zimalembedwa kuti ndi za mchere. Ina anaipangira madzi a mchere wa patebulo, umene akatswiri amautcha sodium chloride, monga amene amagwiritsidwa ntchito m'mafakitale a zakudya. Ina anaipangira madzi enieni a m'nyanja. Mchere wa m'nyanja si wa patebulo wokha. Pafupifupi magawo 85 pa 100 alionse ndi sodium ndi chloride, koma otsalawo ndi sulfate, magnesium, calcium, potassium ndi tina tambiri. William Dittmar atapima mabotolo 77 a madzi amene sitima ya Challenger inatunga paulendo wake wa 1872 mpaka 1876, anapeza kuti kasakanikidwe kameneka n'kofanana m'nyanja zonse zikuluzikulu. Ndipo msakanizowu umakhotetsa kuwala kuposa mchere wa patebulo wolemera chimodzimodzi.

Zotsatira zake ndi izi. Madzi a m'nyanja a 35 enieni, mukawayeza ndi refractometer ya mchere wa patebulo imene yatchunidwa ndi madzi oyera, amaoneka ngati 36.5. Mwini thanki amaganiza kuti wachulutsa mchere, ndiye amathira madzi mpaka mzere utatsikira pa 35, osadziwa kuti tsopano ali pa 33.5. M'thanki ya malita 200 ndiye kuti mukusowa mchere wa magalamu pafupifupi 300. Nsomba zokha sizingadandaule kwambiri. Koma calcium ndi magnesium, zimene makorali amamangira mafupa awo, zimatsika limodzi ndi mcherewo. Ndakumana ndi eni mathanki amene amagula mabotolo odula owonjezera calcium mwezi ndi mwezi, pamene vuto lili pa kachipangizo kali m'dirowa. Choncho pogula funani mawu olembedwa momveka kuti ndi ya madzi a m'nyanja. Makampani monga D-D ndi Red Sea amapanga zoterozo.

Zina zoyang'ana musanalipire

Suzumirani m'kati muone muyeso wake. Zambiri zotsika mtengo zimayambira pa 0 kukafika pa 100, ndiye mizere imathithikana moti kusiyanitsa 34 ndi 35 mpaka kutsinzina diso. Zimene zimathera cha m'ma 40 zimakhala ndi mipata yotakasuka, ndipo kwa ife amene maso ayamba kufooka zimenezi si zazing'ono. Mudzaonanso mizere iwiri ya nambala. Wina ndi wa ppt, kutanthauza magalamu a mchere pa kilogalamu ya madzi. Winawo ndi woyerekeza kulemera kwa madzi amchere ndi kwa madzi oyera, ndipo 35 amagwera pa 1.026. Ine ndimawerenga wa ppt, chifukwa winawo tanthauzo lake limasintha malinga ndi kutentha kumene wopanga anasankha.

Onaninso ngati palembedwa zilembo zakuti ATC. M'kati mwa zoterezi muli kachitsulo kamene kamapindika kukatentha kapena kukazizira, n'kumasuntha muyeso kuti nambala isasokonekere, kawirikawiri pakati pa madigiri 10 ndi 30. Koma kachitsuloka kamamva kutentha kwa chipangizo, osati kwa madzi a m'thanki. Refractometer imene yakhala m'galimoto padzuwa iyenera kuyamba yazizira. Pomaliza, onetsetsani kuti pamwamba pake pali kasikuluwu kotchunira, kuti posuzumira pamazungulira mpaka nambala zioneke bwino, ndiponso kuti kachivundikiro sikakugwedera.

Nanga za batire, zimene zimalemba nambala pagalasi? Milwaukee MA887 ndi Hanna HI96822 ndi zodziwika, ndipo zonse ndi za madzi a m'nyanja. Zimathandiza munthu amene saona bwino, kapena pamene anthu angapo amasinthana kuyeza thanki imodzi, poti palibe kutsutsana kuti mzere wadutsa pati. Koma nambala yolembedwa ndi makina imaoneka yoona kuposa mmene ilili. Opanga MA887 eni ake amanena kuti ikhoza kuphonya ndi 2, kukwera kapena kutsika. Ya m'manja yotchunidwa bwino siichepera pamenepa, pamene mtengo wake ndi wotsika kwambiri.

Botolo laling'ono lofunika kuposa dzina la kampani

Kapepala ka m'bokosi nthawi zambiri kamati mutchune chipangizo ndi madzi oyera mpaka mzere ukhale pa 0. Alimi kwathu amaidziwa sikelo ya mavenda ena: ikakhala yopanda kanthu imaloza pa ziro bwinobwino, koma mukakolekapo thumba la chimanga m'pamene imayamba kunena zake. Refractometer nayonso ikhoza kukhala yolondola pa 0 n'kumaphonya pa 35, ndipo inu simuweta nsomba pa 0. Tchunani pamene mumayeza. M'masitolo a nsomba amagulitsa timabotolo ta madzi opimidwa kale a 35. Mumadonthezera, kudikira, n'kupotokola kasikuluwu mpaka mzere ufike pa 35. Mukatero, ngakhale ya mchere wa patebulo ija imayamba kunena zoona pamalo amene inu mukufuna.

Kumene timabotoloti sitipezeka, katswiri wa sayansi ya mankhwala Randy Holmes-Farley, amene walemba zambiri zokhudza madzi a m'mathanki a makorali, anasonyeza njira yopangira nokha. Magalamu 36.5 a mchere wa patebulo osungunulidwa m'magalamu 963.5 a madzi oyera amakhotetsa kuwala mofanana ndi madzi a m'nyanja a 35. Pamafunika sikelo yabwino yoyeza tizigawo ta galamu, ndipo msakanizowu ndi wa refractometer yokha, osati wa hydrometer kapena wa zoyezera zamagetsi. Kaya ndi logula kaya ndi lopanga nokha, botolo lizikhala lotsekedwa zolimba, chifukwa nalonso likataya nthunzi limasanduka mboni yonama.

Pali nthawi imodzi imene pamafunika kulondola pa nambala zotsika. Pochiza matenda a timadontho toyera oyambitsidwa ndi tizilombo totchedwa Cryptocaryon irritans, ena amaika nsomba m'thanki yapadera n'kutsitsa mchere kufika pa 1.009. Pamenepo mpata wolakwitsa ndi wochepa: mukakweza pang'ono tizilombo sitifa, mukatsitsa kwambiri nsomba ndiyo imavutika. Apa m'pamene ya madzi enieni a m'nyanja imaonetsa ubwino wake, poti imalondola pa 0 ndi pa 35 pomwe, ndiye kuti ndi pakati pomwe.

Kayezedwe kake n'kosavuta. Madontho awiri kapena atatu akwana. Tsekani kachivundikiro pang'onopang'ono kuti madzi afalikire galasi lonse popanda thovu. Dikirani theka la mphindi kapena kupitirirapo kuti madziwo afanane kutentha ndi galasi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukatha, tsukani galasi ndi madontho a madzi oyera n'kupukuta ndi kansalu kofewa, chifukwa mchere wouma wa dzulo umakweza nambala ya lero. Chipangizo chonse musachiviike m'thanki. Chikagwa pansi, kapena nyengo ikasintha, tchunaninso.

Munthu akandifunsa kuti agule iti ndi ndalama zochepa, ndimamuuza kuti atenge ya m'manja ya madzi a m'nyanja, yokhala ndi ATC, ndipo asatuluke m'sitolo wopanda botolo la 35. Ndipo mukatchuna koyamba n'kupeza kuti thanki yanu yakhala pa 33 kwa miyezi, musathamangire kukhuthuliramo mchere. Zamoyo zimene zazolowera 33 zimapwetekedwa kwambiri ndi kulumphira pa 35 tsiku limodzi kusiyana ndi kukhala pa 33 sabata ina. Ingosiyani kubwezera madzi oyera, muzibwezera amchere m'malo mwa amene auluka, ndipo muziyeza tsiku lililonse mpaka mzere utafika wokha.