Foni Ikumbutse, Kope Lisunge

Makolo ambiri kuno kunyanja akudandaula kuti mwana akaweruka ku sukulu, n'kupita ku madrassa, n'kuthandiza ntchito zapakhomo, dzuwa limalowa asanatsegule buku. Kawirikawiri chimasowa ndi ndondomeko ya tsiku.

Mwana wa Chisilamu ali ndi mwayi, pakuti Swala zisanu zinamugawira kale tsiku lake. Akaswali Fajr, mutu ukadali wopepuka, aloweze Qur'an. Akaswali Isha, alembe ntchito imene aphunzitsi amupatsa.

Kalendala ya pa intaneti, monga Google Calendar, ndi yothandiza pa zinthu zakutsogolo. Mwana alembemo tsiku lotsegulira sukulu ndi masiku a mayeso a JCE kapena MSCE, ndipo foni idzalira nthawi ikayandikira. Alembemonso Ramadan. Chaka cha Hijri chili ndi masiku 354 kapena 355, choncho kusala kumafulumira ndi masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse. Akadziwiratu, adzabwereza maphunziro ovuta kusala kusanayambe. Komabe tsiku lenileni timalidziwa mwezi ukaoneka.

Foni imatha batire, magetsi amazima, ndiponso m'nyumba zambiri foni ndi imodzi, ya bambo. Tsono ntchito za tsiku ndi tsiku zikhale m'kope laling'ono: Sura yoloweza, masamu olemba, funso lokafunsa Shehe. Akamaliza chimodzi, achichonge.

Inu makolo, Lachisanu lililonse mukachoka ku Jumu'ah, khalani pansi ndi mwana muone kope lakelo. M'mera mpoyamba. Allah awapatse ana athu maphunziro opindulitsa. Ameen.