Bundle ya "unlimited SMS" nayo ili ndi polekezela

Mukaona bundle yolembedwa "unlimited SMS", mtima umati apa nizalemba mameseji mpaka chala chitupe. Manje mvelani bwino. Liu lija siliyenda lokha. Pansi pake, mu tumalembo tuja tumene palibe amawelenga, pamakhala lamulo lochedwa fair usage.

Makampani a foni akamagulitsa bundle yotele amaganizila munthu mmodzi amene acheza ndi abale na anzake. Saganizila munthu amene asandutsa ka foni kake kukhala wailesi. Ndiye amaika malile: mameseji angati pa tsiku, kapena manambala angati osiyanasiyana pa kanthawi kochepa. Mukapitilila, amatha kukutsekelani kutumiza, kapena kuyamba kudya talk time yanu pa mtengo wa masiku onse.

Chifukwa chake chilipo. Mameseji a bizinesi, aja a bulk SMS, amagulitsidwa padela pa mtengo wake. Chinanso ni akawalala aja a "ndalama ija tumizani pa nambala iyi". Iwo amaponya meseji imodzi ku manambala ambilimbili, kuyembekeza kuti mmodzi agwe mu msampha. Makina a netiweki amayang'ana kachitidwe kameneko chabe. Sadziwa mtima wa munthu.

Apa ndiye pamene osalakwa amapwetekela. Ganizilani bambo wa ku Kalingalinga wowotchelela mageti, amene watumiza "mageti atchipa mwezi uno" ku nambala iliyonse ili mu foni mwake. Kapena amalume a ku Kanyama amene apatsidwa ntchito youza banja lonse za malilo, kuyambila ku Matero mpaka ku Katete. Kwa makina, onse awiliwa aoneka monga kawalala uja. Meseji ya tsiku loika malilo ikakanika pakati pa njila, achibale ena amamva mochedwa, ndipo mlandu umagwela amalume.

Kawelengedwe nako kamadabwitsa anthu. SMS imodzi imanyamula zilembo 160, kuphatikizapo mipata. Mukapitilila, foni imaidula mu zidutswa za zilembo 153, ndipo chidutswa chilichonse ni SMS payokha. Mukaikamo ka emoji kamodzi chabe, olo chilembo monga ŵ, malo amatsika kufika pa 70, ndipo zidutswa zimakhala za 67.

Tiyeni tiwelenge pamodzi. Mlembi wa chilimba ku Chawama alemba chikumbutso cha zilembo 200 kwa azimai 40. Mwa iye yekha ati natumiza meseji imodzi. Netiweki ikuti 80. Akaikako tumanja topemphela kumapeto, yafika 160. Abwelezenso madzulo kwa ochedwa kusonkha, ndiye muone mwamene malile amafikila msanga.

Dziwaninso kuti mabundle ambili sakhudza mameseji opita kunja kwa dziko, olo aja otumiza ku tumanambala tufupi twa mipikisano. Amenewo amadya talk time.

Ndiye muchite bwanji? Kaya muli pa MTN, Airtel kapena Zamtel, musanagule funsani zinthu zitatu: malile ni angati, bundle isebenza ku manetiweki onse kapena umodzi, nanga mukapitilila chimachitika n'chiyani. Uthenga wa gulu ufupikitseni, emoji muisiye. Amene ali pa WhatsApp auzeni komweko, SMS musungile agogo a ka foni ka mabatani. Ikakhala nkhani ya malilo, gawanani manambala atatu kapena anai. Ngati ni bizinesi, gulani bulk SMS yeniyeni.

Akakudulani popanda malamulo a bundle kunenapo, yambani mwadandaula ku kampani, musunge meseji imene inabwela pogula. Akakuzungulutsani, kuli ZICTA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2009 kuti liziyang'anila makampani a foni ndi kumva madandaulo a makasitomala. Ndalama ni zanu, musachite manyazi kufunsa.