Kusintha swichi yowonongeka m'galimoto

Aphunzitsi, tiyerekeze kuti muli ku Mbamba Bay ndipo swichi ya nyali za galimoto yakana. Kuti mukapeze makaniko ku Mbinga, ndi ulendo wa makilomita oposa 60, wokwera mapiri. Kodi ntchitoyi simungaigwire nokha pakhomo?

Kumbukirani kuti swichi imangolumikiza kapena kudula njira ya magetsi ochokera ku batire la mavoti 12. M'mbali mwa nyanja, chinyezi chimachititsa dzimbiri tizitsulo ta m'kati mwake, basi magetsi osadutsanso.

Tsatani ndondomeko iyi:

1. Yambani mwaona fyuzi. Mwina yapsa ndi iyo, swichi ili bwinobwino.
2. Zimitsani injini, muchotse waya wa (-) pa batire. Mukapanda kutero, mawaya akagundana amathetheka moto.
3. Tulutsani swichiyo pang'onopang'ono ndi sikuludiraiva yokulunga kansalu.
4. Jambulani papepala pomwe waya aliyense walowa musanamuzule.
5. Lumikizani swichi yatsopano yofanana ndi yakaleyo, mubwezere waya wa batire, muyese.

Ntchito

Pogwiritsa ntchito mabatire a tochi, babu ndi waya, konzani phunziro loonetsa ophunzira anu chimene swichi imachita.